Momwe mungathandizire ophunzira udokotala kudziwongolera okha poyeserera pa zidole

Wophunzira wa chaka chachitatu wapatsidwa kiyi wa chipinda choyeserera. Wakhalamo maola awiri, wabaya mkono wa pulasitiki maulendo 15, ndipo akutuluka akumwetulira. Mukamufunsa kuti zayenda bwanji, akuti "zatheka." Patapita sabata zitatu mukumupeza pa wodi akuika kanyula (kachubu kapulasitiki kolowetsedwa mu mtsempha ndi singano) kwa wodwala weniweni. Waiwala kumasula lamba wa pamkono, singano waitulutsa pang'ono n'kuibwezeranso mkati mwa kanyula, ndipo sakudziwa n'komwe kuti pali chomwe chalakwika. Maola awiri aja anathera kubwereza cholakwika chomwecho mpaka chinakhazikika m'manja.

Aphunzitsi ambiri timaphonyera pamenepa. Tikamva zoti wophunzira aziwongolera yekha maphunziro ake, timayesa kuti ntchito yathu ndi kutsegula chitseko n'kuchokapo. Ena akaona zotsatira zake amatembenukira mbali ina kotheratu. Amaima pambali pa wophunzira n'kumamuuza chilichonse, "kwezani dzanja, pendeketsani singano, imani pomwepo," mpaka wophunzirayo amachita bwino mphunzitsi ali pafupi, koma akatsala yekha amasowa pogwira.

Malangizo awa ndi a njira ina: wophunzira azisankha yekha choti akonze, azidziyang'anira ndi kudzifunsa yekha, koma zonsezo zizichitika m'chipinda chomwe inu mwachikonzeratu, ndi muyeso womwe inu mwaika. Ryan Brydges ndi anzake ku Toronto anayesa njirayi pa madokotala achinyamata omwe ankaphunzira kutenga madzi a mumsana, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Gulu lina linkatsogoleredwa ndi mphunzitsi, lina linkadziyendetsa lokha pa zipangizo zokonzedwa kale. Atangomaliza, magulu onse anali atapita patsogolo. Patatha miyezi 3, luso la odziyendetsa okha linali likadalipo, pamene la anzawo linali litatsika.

Chitsanzo chomwe tiyende nacho kwambiri ndi cha kuika kanyula, chifukwa pafupifupi wophunzira aliyense amadutsamo. Koma ndondomekoyi imagwira ntchito pa kusoka bala, pa CPR (kudinikiza chifuwa ndi kupereka mpweya kwa munthu amene mtima wake waima), pa kuika chubu cha mkodzo ndi zina zotero.

## Zofunika kukonza musanayambe

- Chidole kapena chiwalo chophunzirira chogwirizana ndi luso lomwe mukufuna: mkono wokhala ndi mitsempha ya labala, chidole cha CPR, kapena khungu lopanga losokerapo.
- Zida zenizeni zomwe wophunzira adzazipeze pa wodi: magolovesi, makanyula a masaizi osiyanasiyana, lamba womangira mkono, sipiriti ndi thonje, pulasitala, sirinji ya saline (madzi a mchere a kuchipatala), ndi bokosi lotayiramo singano. Bokosili musaliiwale. M'chipinda mopanda bokosi, wophunzira amazolowera kusiya singano patebulo, ndipo chizolowezicho amapita nacho kwa odwala.
- Pepala la masitepe a lusolo, tsamba limodzi lokha.
- Vidiyo yaifupi, ya mphindi 3 mpaka 5, yoonetsa munthu wodziwa akuchita lusolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.
- Foni yokhala ndi kamera komanso poiimika, kuti ijambule manja.
- Wotchi.
- Kabuku ka wophunzira aliyense, kolembamo pamanja kapena ka pa foni.
- Nthawi yanu, yolembedwa poyera kuti ophunzira adziwe ola lomwe mubwere.

Chidole chokwera mtengo, chophethira ndi kubuula, sichofunikira pa luso la manja ngati ili. Chofunika n'choti mtsempha uzimveka pansi pa chala, ndipo magazi opanga azioneka singano ikalowa.

## Masitepe

### 1. Sankhani luso limodzi, ndipo lembani muyeso wake

Tsiku limodzi, luso limodzi. Mukaika kanyula, kusoka ndi CPR m'chipinda chimodzi n'kunena kuti "yesererani zomwe mukufuna," ophunzira amathamangira chomwe amachidziwa kale, chifukwa ndi chomwe chimawasangalatsa.

Pepala la masitepe lilembedwe m'mawu a zinthu zooneka ndi maso. Mawu oti "kukonza khungu bwino" sathandiza aliyense. Lembani kuti "kupukuta khungu ndi sipiriti, n'kudikira masekondi 30 kuti liume, osakhudzanso pamalopo." Pa kanyula, pepalalo liyende chonchi: kusamba m'manja, kudzidziwitsa kwa wodwala, kutsimikiza dzina lake ndi kupempha chilolezo, kumanga lamba ndi kupeza mtsempha, kupukuta khungu, kulowetsa singano itapendekeka madigiri 10 mpaka 30, kamwa kake kataloza m'mwamba, magazi akaonekera kumbuyo, kutsitsa singano ndi kulowetsa pang'ono chabe, kukankha pulasitiki yokha, kumasula lamba, kuchotsa singano ndi kuitaya m'bokosi nthawi yomweyo, kutsuka ndi saline, kumata ndi kulemba tsiku.

Kenako ikani nyenyezi pa masitepe omwe munthu akawaphonya walephera, ngakhale ena onse akhale atawakhoza. Kubwezera singano mkati mwa kanyula ndi chimodzi mwa izo, chifukwa singano imatha kudula kachidutswa ka pulasitiki n'kukasiya mu mtsempha.

Chenjezo: pepala likapitirira tsamba limodzi, wophunzira sawerenga, amangoyang'ana. Dulani.

### 2. Aonetseni kaye momwe zimachitikira

Munthu sangadziwongolere kupita komwe sanaoneko. Musanawasiye, aone lusolo likuchitika molondola. Njira ya masitepe anayi yomwe anaifalitsa dokotala wa maopaleshoni Rodney Peyton mu 1998 imakwanira bwino apa. Poyamba chitani lusolo pa liwiro lake lenileni, osalankhula. Kachiwiri chitani pang'onopang'ono mukufotokoza. Kachitatu wophunzira azikuuzani chochita, inu muzingotsatira mawu ake. Kachinayi achite yekha.

Sitepe yachitatu ija ndi yomwe ambiri amadumpha chifukwa cha nthawi, pomwe ndi imene imakuonetsani zomwe zili m'mutu mwa wophunzira manja ake asanayambe kuzibisa. Akakuuzani kuti muchotse singano lamba akadali womanga, imani n'kumuyang'ana. Sadzaiwalanso.

Vidiyo ija ikhale pamalo poti aliyense angathe kuibwereza nthawi iliyonse osapempha kwa munthu.

### 3. Asanagwire chida, alembe cholinga

Barry Zimmerman, katswiri wa za kaphunziridwe, anagawa kudziwongolera pa maphunziro m'magawo atatu ozungulira: kuganiza ntchito isanayambe, kudziyang'anira ili mkati, ndi kudziunika ikatha. Ophunzira ambiri amalumphira pakati. Amalowa, kuvala magolovesi, n'kuyamba kubaya. Ntchito yanu ndi kuwaimitsa mphindi ziwiri pakhomo.

Aliyense alembe m'kabuku mwake mayankho a mafunso awa:

- Lero ndikufuna kukonza chiyani kwenikweni?
- Ndichita chiyani kuti chitheke?
- Ndidziwa bwanji kuti chatheka?

Mudzaona kuti poyamba pafupifupi onse alemba zofanana: "Ndikufuna kukhoza kuika kanyula," kapena "ndikufuna kulowetsa ulendo umodzi." Chimenecho ndi cholinga cha zotsatira, ndipo sichiuza manja chochita. Wongoyamba kumene amafunika cholinga cha kachitidwe: "Magazi akangooneka, nditsitsa singano ndisanakankhe chilichonse." Kapena: "Ndigwira khungu ndi chala chachikulu kuti mtsempha usathawe." Pa CPR, m'malo molemba kuti "ndichite bwino," alembe kuti "ndilola chifuwa kubwerera m'mwamba kotheratu ndisanadinikizenso, ndipo ndisunga liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi."

Cholinga cha mtundu umenewu chili ndi ubwino winanso. Pa mkono wa pulasitiki wobayidwa kale maulendo mazana, singano imatha kulowa ngakhale munthu atachita molakwika, ndipo imatha kukana munthu atachita zonse bwino. Woyang'ana zotsatira zokha amanamizidwa ndi chidole. Woyang'ana kachitidwe amakhala ndi chinthu chomwe angachiyeze payekha.

Chenjezo: musawalembere cholinga. Wina akalemba chosamveka, mufunseni kuti, "Ndikanaima pambali panu, ndikanaona chiyani kuti ndidziwe kuti mwakwanitsa?" Funso limeneli limakonza zolinga zambiri popanda inu kuwonjezera mawu.

### 4. Chokanipo, koma adziwe popeza thandizo

Auzeni momveka kuti mukuchoka kwa mphindi 30 kapena 40, kuti mubwera nthawi yakuti, ndiponso kuti akhoza kukuitanani nthawiyo isanakwane. Ikani ndondomeko ya kupeza thandizo: choyamba pepala la masitepe, chachiwiri vidiyo, chachitatu mnzawo, ndipo zikakanika, inuyo.

Apa pali vuto la manyazi lomwe siliyenera kunyalanyazidwa. Ophunzira udokotala ambiri ndi anthu omwe moyo wawo wonse akhala akukhoza m'kalasi, ndipo kunena kuti "sindikutha" kumawalemera pakamwa. Ena amaganiza kuti kudziwongolera kumatanthauza kusafunsa. Auzeni poyera kuti kudziwa nthawi yofunsa ndi gawo la luso lomwe mukuwaphunzitsa, ndipo dokotala yemwe wabaya wodwala kawiri osapeza mtsempha amayenera kuitana wina. Safunsa anadya phula. Mukhoza kuika lamulo losavuta: ukalephera chinthu chomwecho maulendo atatu otsatizana, siya kubwereza, sintha china chake kapena funsa.

Nenaninso kuti zomwe zikuchitika pa nthawi yoyeserera sizilowa m'malikisi. Ngati akukayikira kuti mukuwalemba m'kabuku kanu, adzabisa zolakwa, ndipo zonse zomwe mwakonzazi zapita pachabe.

### 5. Apatseni njira yodzionera okha

Munthu amene akubaya saona dzanja lake momwe woima pambali amalionera. Maso ake ali pa nsonga ya singano. Choncho mpatseni maso ena.

Oyamba ndi a kamera. Foni iimikidwe moti ijambule manja ndi tebulo la zida, nkhope sikofunika. Akayesa kawiri kapena katatu, aime, aonere vidiyoyo pepala la masitepe lili m'manja, ndipo achonge sitepe iliyonse. Pafupifupi aliyense amadabwa ulendo woyamba. Amaona dzanja lake likukhudzanso khungu lomwe wangopukuta kumene, chinthu chomwe akanalumbira kuti sanachite.

Achiwiri ndi a mnzake. Aziyeserera awiriawiri, wina akuchita, wina atagwira pepala, kenako asinthane. Woyang'anayo sakutaya nthawi. Poona zolakwa za mnzake amaphunzira kuziona mwa iye mwini. Koma muuzeni kuti asamalankhule ntchito ili mkati, pokhapokha pali ngozi ya kubayidwa ndi singano. Adikire mnzake amalize, ndipo ayambe wamufunsa zomwe waona yekha.

Zidole zina za CPR zili ndi magetsi kapena sikirini yoonetsa kuzama ndi liwiro la kudinikiza. Nzabwino kwambiri poyamba, chifukwa palibe amene amabadwa akudziwa momwe masentimita 5 mpaka 6 amamvekera m'mikono. Koma wophunzira akazolowera kuyang'ana sikirini, amayendetsedwa ndi iyo. Chifuwa cha wodwala chilibe magetsi. Akatha maulendo angapo, aphimbe sikiriniyo, achite mphindi ziwiri za kudinikiza maulendo 30 ndi kupereka mpweya kawiri mosinthanasinthana, anene yekha momwe akuganizira kuti wachitira, kenako avundukule n'kuona.

Chenjezo: gwirizanani za mavidiyo musanayambe. Ndi a mwini wake, satumizidwa pa gulu la WhatsApp la kalasi, ndipo palibe wojambula mnzake osapempha.

### 6. Adzipatse malikisi iye kaye, inu pambuyo

Sitepe iyi ndi yomwe imasiyanitsa kudziwongolera kwenikweni ndi kungosiyidwa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Anthu sitidziyeza bwino tokha, ndipo madokotala sasiyana ndi ena. Mu 2006 David Davis ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku woyerekeza momwe madokotala amadzionera ndi momwe oyeza ena amawaonera, n'kufalitsa mu magazini ya JAMA. Mwa kuyerekeza 20 komwe anapeza, 13 kunaonetsa kugwirizana kochepa, kusagwirizana konse, kapena zosemphana. Chodetsa nkhawa kwambiri n'choti omwe luso lawo linali lochepa ndi omwe nthawi zambiri ankadziyeza molakwika kwambiri. Kevin Eva ndi Glenn Regehr analembanso za nkhani yomweyi mu 2005, kuti maphunziro a zaumoyo amadalira kwambiri kudziyeza kwa munthu kuposa momwe kumayenerera.

Ndiye tisiye kuwauza kuti adziyeze? Ayi. Tiwaphunzitse kuyerekeza zomwe akuganiza ndi zomwe wina waona, mobwerezabwereza, mpaka mpata wa pakati uchepe. Chitani chonchi:

Mukabwerera m'chipinda, wophunzira achite lusolo kamodzi inu mukuona, osalankhula. Inu chongani pa pepala lanu. Akamaliza, iyenso achonge pa pepala lake, asanaone lanu. Kenako ikani mapepala awiriwo pamodzi.

Musayambe ndi pomwe walakwitsa. Yambani ndi pomwe mapepala asemphana. Sitepe yomwe walakwitsa ndipo wadzichonga yekha kuti walakwitsa siyodetsa nkhawa, chifukwa waiona ndipo aikonza. Yoopsa ndi yomwe wadzipatsa kuti wakhoza pomwe inu mwaona kuti waphonya. Pamenepo ndi pomwe maso ake sakufika, ndipo atayeserera yekha chaka chonse sangapakonze. Bwererani ku vidiyo, muonere limodzi kagawo kameneko.

Palinso ena omwe amadzichotsera malikisi pa zinthu zomwe achita bwino. Amenewa musamangowalimbikitsa ndi mawu oti "mukutha, musaope." Aonetseni pa vidiyo kuti apa ndi apa zinali zolondola. Munthu wodzikayikira amakhulupirira zomwe waona ndi maso ake kuposa mawu okoma a mphunzitsi.

### 7. Funsani chifukwa, ndipo mvetserani yankho

Zikalephereka, funsani kuti, "Mukuganiza kuti chachititsa n'chiyani?" Yankho lake likuuzani zambiri. Wina anena kuti "mkono uwu ndi wotha," wina "ine manja anga amanjenjemera basi," wina "ndinalibe mwayi." Mayankho onsewa ali ndi vuto limodzi: palibe chomwe wophunzira angasinthe mawa. Mubwezereni ku zinthu zomwe zili m'manja mwake, monga kapendekedwe ka singano, kagwiridwe ka khungu, kapena kufulumira kukankha kanyula magazi atangooneka. Nthawi zina mkonowo ndi wothadi, ndipo muvomereze. Koma funsanibe kuti akanachita chiyani mosiyana.

Pofunsa, musabise zomwe mwaona. Mafunso otchera msampha, onga "pali chomwe mukuganiza kuti mwaiwala?", amangochititsa wophunzira kulota zomwe zili m'mutu mwanu. Jenny Rudolph ndi anzake ku Boston anafotokoza mu 2006 njira yabwinoko: nenani zomwe mwaona, nenani zomwe zikukudetsani nkhawa, kenako funsani mofuna kudziwadi. Mwachitsanzo: "Ndaona kuti mwachotsa singano lamba akadali womanga. Kwa wodwala weniweni magazi akanatayika. Pa nthawi imeneyo maganizo anu anali pati?" Mwina ayankha kuti ankaopa kuti akasiya kugwira kanyula ituluka. Ndiye vuto silinali kuiwala, koma sadziwa kugwira kanyula ndi dzanja limodzi pamene linalo likumasula lamba. Mukanangomuuza kuti "musamaiwale lamba" simukanakonza kanthu.

Asanatuluke, alembe m'kabuku chinthu chimodzi chomwe asunge ndi chimodzi chomwe asinthe. Chosinthacho ndicho chidzakhale cholinga chake ulendo wotsatira.

### 8. Kusiya kuyeserera kusakhale kosankha yekha

Wophunzira akhoza kusankha choti ayeserere, dongosolo lake, ndi nthawi yoti akuitaneni. Chomwe sayenera kusankha yekha ndi kunena kuti "ndatha, ndikhoza kupita kwa odwala." Ambiri amasiya akangolowetsa kawiri motsatizana, mtima ukangomva kukoma.

Lamulo likhale loti akadziona kuti wakonzeka, apemphe kuyesedwa. Akafika pa muyeso womwe munaika pa sitepe yoyamba, popanda kuphonya sitepe ya nyenyezi, wadutsa. Akalephera, abwerere kukayeserera n'kudzayesedwanso, popanda chilango. Wina adzafika tsiku lomwelo, wina pa ulendo wachinayi. Muyeso susintha, nthawi ndiyo imasintha. Umu ndi momwe Jeffrey Barsuk, William McGaghie ndi Diane Wayne ankaphunzitsira madokotala kuika chubu mu mtsempha waukulu ku Northwestern University ku Chicago, ndipo mu 2009 anaonetsa kuti matenda olowa m'magazi kudzera m'machubu amenewa anachepa m'chipinda cha odwala kwambiri momwe ophunzitsidwawo ankagwira ntchito.

### 9. Gawani maola m'masiku angapo

Ngati muli ndi maola 4, musawathere tsiku limodzi. Carol-Anne Moulton ndi anzake, ku Toronto, mu 2006 anagawa madokotala ophunzira maopaleshoni m'magulu awiri pophunzira kulumikiza timitsempha ting'onoting'ono. Ena anaphunzira zonse tsiku limodzi, ena kamodzi pa sabata kwa sabata 4. Nthawi yonse inali yofanana. Atayesedwa patatha mwezi, ogawa masiku aja anachita bwino kuposa anzawo.

Ophunzira okha sasankha njira imeneyi. Akasiyidwa, amadzaza chipinda choyeserera sabata ya mayeso a OSCE (mayeso oonetsa luso pamaso pa woyesa), miyezi ina yonse chili chotseka. Kuyeserera kwa tsiku limodzi kumakoma chifukwa pofika madzulo manja amayenda okha, ndipo munthu amayesa kuti wadziwa. Kubwera patatha sabata kumawawa, chifukwa amapeza kuti zina zathawa. Auzeniretu kuti zimenezi zichitika, ndipo kuvutika kukumbukira kumeneko ndi komwe kumalimbitsa lusolo. Asanatuluke tsiku loyamba, aliyense alembe tsiku lomwe abwerenso. Pobwera, ayambe ndi kuchita kamodzi osaona pepala kapena vidiyo, kuti adziwe zomwe zatsala m'mutu.

### 10. Onjezerani zovuta, ndipo chepetsani thandizo

Akadutsa muyeso pa mkono wa patebulo, musamusiye pomwepo. Mangirirani mkono wa pulasitiki kwa munthu wosewera ngati wodwala, yemwe azifunsa mafunso, kuopa singano, kapena kukoka dzanja. Mudzaona masitepe omwe anali okhazikika akuyamba kugwa akangofunika kulankhula ndi kubaya nthawi imodzi. Kenako ikani lusolo mkati mwa nkhani yonse, monga wodwala amene wataya magazi ambiri, namwino akufunsa saizi ya kanyula, wina akuitana kuchokera pakhomo.

Lolani wophunzira asankhe yekha nthawi yokwera pa gawo lovutirapo, koma mufunseni chifukwa chomwe akuonera kuti wakonzeka. Pamene akukwera, inu muzichotsa zomuthandiza chimodzichimodzi: pepala litembenuzidwe, vidiyo izimitsidwe, mafunso atatu aja aziwayankha mumtima osalemba. Tsiku lomwe akukaika kanyula yoyamba kwa wodwala weniweni, woyang'anira wa pa wodi amufunse mafunso omwewo asanayambe, ndiponso akamaliza.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kupereka kiyi n'kutcha zimenezo kudziwongolera. Chipinda chotsegula usana ndi usiku n'chabwino, koma popanda pepala la masitepe, vidiyo ndi munthu wodzayesa, chimangokhwimitsa zolakwa.

Kulankhula ntchito ili mkati. Ichi n'chovuta kwa ife aphunzitsi, chifukwa pakamwa pamayabwa ukaona dzanja likupita kolakwika. Pa chidole, lolani cholakwacho chifike kumapeto kuti wophunzira aone zotsatira zake. Lowererani pokhapokha singano ikuloza chala cha munthu.

Kusandutsa kabuku kukhala homuweki. Mukayamba kutolera timabuku n'kumapereka malikisi pa zomwe alembamo, adzalemba zokomera inu, ndime zazitali za momwe "aphunzirira zambiri lero." Mizere itatu yoona ndi yokwanira. Muziwerenga pamodzi ndi mwini wake, ali pomwepo.

Kuchitira onse mofanana. Wa chaka choyamba amene sanagwirepo sirinji amafunika kuonetsedwa kwambiri ndi kuyenderedwa pafupipafupi. Wa chaka chomaliza mukamuchitira zomwezo amatopa nanu. Kumbukiraninso kuti munthu wodziwongolera bwino pa kusoka bala akhoza kukhala wosowa pogwira pa CPR. Musamutche "wodziimira payekha" pa zonse chifukwa cha luso limodzi.

Kukhulupirira ndemanga za mnzake popanda pepala. Ophunzira awiri osadziwa akhoza kugwirizana pa cholakwika chimodzi n'kumayamikirana. Woyang'ana azichonga pa pepala la masitepe, ndipo akasemphana maganizo, abwerere ku vidiyo ya katswiri kapena akuitaneni.

Kuyesa kudzidalira m'malo mwa luso. Mapepala ofunsa kuti "mukudzidalira bwanji tsopano?" amapereka mayankho osangalatsa pafupifupi nthawi zonse maphunziro akangotha. Amakuuzani momwe wophunzira akumvera mumtima, osati zomwe manja ake angathe. Ngati mukufuna kudziwa ngati ndondomeko yanu ikugwira ntchito, itanani ophunzira omwewo patatha miyezi iwiri kapena itatu, osawachenjeza kuti akonzekere, muwapatse mkono ndi kanyula, ndipo muchonge pa pepala lomwe lija.